Wadilopu ya Malemu Bambo

3 Malichi 1996

Chemwali wanga,

Moni kumeneko kumzinda wa anthu othamanga. Kuno tili bwino. Alamu ako ali bwino, mwana wathu Kadona wayamba sukulu ndipo akuti aphunzitsi ake akuyesetsa ndithu. Tandiuza za iwe, kodi makina osokera a kufakitale kuja sanakupinde msana?

Amayi okha ndiwo sali bwino. Chichokere kwako kuja mamba a pakhungu aja abwereranso, ndipo abwera ndi abale awo. M'zigongono, m'mawondo, pamsana, mpaka m'mutu. M'mawa uliwonse alamu ako akakutumula nsalu za pabedi, pansi pamayera mbee ngati pamene apalira nsomba. Amadzikanda mpaka magazi. Kutchalitchi anasiya kupita chifukwa mayi wina anawasunthira pabenchi anthu akuona.

Unatiuza kuti adokotala akwanu anati makina ounikira khungu aja awakwanira, asalowemonso. Chabwino. Mwina adokotala ndi amene anatopa, mwina ndi munthu wina amene anatopa ndi mlendo m'chipinda chimodzi, ine sindikunena kanthu. Chimene ndimadziwa ine ndi magetsi. Kachipatala kena katsekedwa kuno, katundu wake amagulitsa ngati zitsulo zakutha, ndipo ndapezako machubu aatali aja, enieni a makina ounikira. Ndatenga wadilopu ya malemu bambo, ndachotsa mashelefu, ndamata pepala lonyezimira m'kati monse, ndaimika machubu mbali zonse. Switchi ili m'kati momwemo kuti amayi azidziyatsira okha. M'maso azivala magalasi anga owotcherera zitsulo.

Iwe unkawaperekeza, tandiuza, ankakhalamo nthawi yaitali bwanji? Ndipo ukaona machubu otere kumeneko undigulire, ena mwa awa ndi ofooka.

Ndine mlongo wako,
Wamagetsi

19 Malichi 1996

Achimwene,

Moni wanu ndamulandira, ndipo munga umene munabisamo wandibaya monga munafunira. Amayi anagona pabedi langa zaka zitatu, ine ndikugona pansi. Akanafuna zaka khumi ndikanagona pansi zaka khumi. Sindinatope nawo, ndipo zandiwawa kuti mwalemba choncho.

Tsopano ndimvereni, ngakhale ndine wamng'ono. Makina a kuchipatala si wadilopu. Amayi asanalowe, nesi ankawavula n'kuwayang'ana thupi lonse, kadontho kalikonse, mmene munthu amayang'anira nsalu asanagule. Nkhope ankaiphimba. Makinawo ankazima okha, nthawi zina amayi asanamalize n'komwe pemphero lawo. Ndiye funso lanu sindingaliyankhe. Nthawi yake inkasintha, ndipo woidziwa anali nesi, osati ine.

Tsiku lomaliza adokotala analankhula ine ndili pomwepo. Anati khungu siliiwala. Kuwala konse kumene lalandira limasunga, ndipo kukachuluka kumatha kudzutsa khansa patapita zaka. Anati amayi afika pamalire, kuyambira pamenepo azingodzola mankhwala basi.

Ndikudziwa kuti mankhwala odzolawo ndi ofooka. Ndikudziwa kuti kumva mayi ako akudzikanda kuseri kwa khoma n'kowawa. Koma chonde musawalowetsemo. Machubu sindigula, mundikhululukire.

Mundiuze kuti mwaphwasula. Moni kwa alamu ndi Kadona.

Mlongo wanu

30 Meyi 1996

Chemwali,

Moni. Tili bwino, ndipo ndikati tili bwino ndikunena tonse.

Kalata yako ndinawawerengera amayi yonse, osadumpha liwu, kuti usadzati ndinawabisira. Anamvetsera, kenako anati, "Adokotala amenewo anayamba adzikandapo ndi foloko?" Tsiku lomwelo analowa.

Lero ndikukulembera amayi atavala bulawuzi ya manja aafupi. Wamva? Manja aafupi! Mawondo asalala, m'mutu mwayera, pansi palibenso chosesa. Lamulungu anapita kutchalitchi n'kukakhala pafupi ndi mayi uja anawasunthira. Anamupatsa dzanja, mpaka anamugwira nthawi yaitali dala. Kadona, amene ankaopa kukhala pamiyendo pawo, tsopano sachokapo.

Inu a m'tauni mumakhulupirira chinthu chikakhala ndi utoto woyera komanso munthu wa yunifolomu pambali pake. Chubu ndi chubu, chemwali. Sichidziwa kuti chili m'chipatala kapena m'nyumba ya wamagetsi. Za khansa zija ndi mawu amene dokotala amanena akafuna kuti mzere wa odwala ufupike.

Machubu usavutike nawo, ndawapeza kwina. Sindidzakupemphanso.

Mlongo wako

11 Ogasiti 1997

Mzime wanga,

Ndine mayi ako. Ndikuyankhula ine, akulemba ndi mlamu wako, chifukwa ine pensulo imandithawa. Uli bwanji mwana wanga? Ukudya? Pachithunzi chija waonda ngati singano zako zomwe.

Ndamva kuti iwe ndi achimwene ako simukulemberana. Anthu aakuluakulu, kukwiyirana chifukwa cha wadilopu! Chibale ndi fupa, sichiola, koma musachiyese dala.

Ine ndili bwino kuposa kale lonse. Ndimalowa m'mawa uliwonse ndikasamba. Wotchi ndilibe, ndipo ndi magalasi akuda aja sindingaione n'komwe, ndiye ndimayeza ndi nyimbo za kutchalitchi. Poyamba ndinkaimba ndime imodzi n'kuzimitsa. Tsopano ndimamaliza nyimbo yonse, ikandikomera ndimaonjezera ina. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafunsa ngati tayambitsa kwaya. M'kati muja mumatentha bwino, mumanunkhira ngati zovala zongosita kumene. Bambo ako ankasungamo jekete lawo limodzi lija, lero akusungamo mkazi wawo.

Masiku ena khungu limakhala loyera bwinobwino, koma ndimalowabe. Mlongo wako asanapite kuntchito amaima pakhomo kumvetsera ngati ndikuimba. Ukanaona nkhope yake! Chimwalirire bambo ake, mwana ameneyu sanakondwepo chonchi.

Udzabwere udzaone wekha. Usadzabwere ndi ulaliki, udzabwere ndi nsalu ya bulawuzi.

Mayi ako

Alamu, apa ndaonjezera ndekha, amayi sakudziwa. Ine ndi amene ndimawadzola mafuta pamsana. Mamba kulibe, zoona, koma khungu lauma ngati chikopa ndipo latuluka timadontho takuda tambirimbiri, pamapewa makamaka. Mwina ndi ukalamba. Koma ine wadilopu imeneyi sindiikonda. Akalowa n'kudzitsekera, kuwala kwa buluu kumatulukira m'ming'alu ya matabwa, mawu awo n'kumamveka ngati akuchokera patali. Ndimatuluka panja mpaka amalize.

6 Febuluwale 1999

Alamu,

Moni. Ndalemba pa envelopu dzina la kuntchito kwanu kuti kalatayi ifike m'manja mwanu, osati mwa achimwene. Muli bwanji? Kadona ali bwanji?

Chichokere kumeneko pa tchuthi chija sindinalandire kalikonse. Ndalembera amayi kawiri, zii. Mwina akadali okwiya chifukwa cha zimene zinachitika. Ndinangopempha kuti ndione msana wawo, iwo n'kudzifunditsa nsalu ngati ndine mlendo, achimwene n'kunena kuti ndabwera kudzafufuza mlandu. Mwina ndinayankhula mokweza. Pakamwa panga mukupadziwa.

Koma mtima wanga sukukhazikika. Kufakitale kwathu kuli chubu china pamwamba pa makina anga chimene chimalira pang'onopang'ono chisanayake. Chikayamba, manja anga amaima okha, mpaka a kapitawo andikalipira kangapo. Ndimangoona amayi ali chilili m'bokosi lija, atavala magalasi akuda, akuimba.

Musandibisire. Timadontho tija tili bwanji? Akulowabe?

Mlamu wanu

1 Malichi 1999

Alamu,

Moni. Mwachita bwino kulembera ine. Amayi sanakwiye nanu ayi. Sakulemba chifukwa akudziwa kuti mufunsa, ndipo kukunamizani sakufuna.

Paphewa lakumanja pali chilonda. Chinayamba ngati njerewere yolimba, n'kusweka pakati. Chimachita nkhanambo, nkhanambo n'kugwa, n'kutulukanso magazi. Sichikupola, chikungokula, ndipo m'mphepete mwake mwatukuka. Ndinachidziwa chifukwa anasiya kundilola kuwadzola mafuta, n'kuyamba kuchapa okha mabulawuzi awo n'kumayanika m'chipinda. Nditawafunsa anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, uli ndi maso, koma pakamwa ubwereke kwa ine."

Achimwene anu anachiona mwezi watha. Akuti ndi bala wamba, msomali wa m'wadilopu uyenera kuti unawakanda. Anakhoma misomali yonse, n'kuikanso chubu china mbali ya phewalo, akuti kuwala kuumitsa bala msanga. Amayi sanatsutse. Amalowa m'mawa uliwonse ngati kale. Kungoti masiku ano nyimbo zafupika, ndipo nthawi zina amasiyira pakati.

Ndawapempha kuti tipite kuchipatala chachikulu. Akuti dikira mvula ithe. Ndikanena kwa achimwene anu amati, "Nawenso walowa mpingo wa chemwali wanga?" Ine ndine wobwera m'banja muno, alamu, mawu anga amathera pakhomo. Ndikuopa.

Lemberani amayi, koma musatchule chilonda, angadziwe kuti ndine.

Mlamu wanu

Januwale 2000, tsiku sindikulidziwa

Mzime wanga,

Ndalemba ndekha. Usaseke zilembo, zikuyenda ngati nkhuku yoledzera. Uli bwanji?

Mlamu wako anandikokera kuchipatala chachikulu, mlongo wako ali kutali kukaika magetsi pasukulu ina. Anadulako kanyama paphewa. Tinapitanso kukamva. Ndi khansa ya pakhungu, ija ananena adokotala ako. Akanaipeza ili yaing'ono akanaidula n'kutha, koma ine ndinaisunga ngati chuma. Tsopano yatsikira kukhwapa, kuli zotupa zolimba ngati miyala. Adula chimene angathe.

Dokotala wake ndi mtsikana, wa msinkhu wako. Anandiyang'ana pamsana nthawi yaitali, n'kutulutsa mlamu wako panja. Anati, "Amayi, khungu ili lalandira kuwala kochuluka zedi. Munalowa m'makina mpaka liti?" Ndinati zaka zitatu zija basi. Anati, "Palibe kwina?" Ndinati palibe. Anandiyang'ana m'maso, ine n'kumuyang'ananso. Anangolemba.

Mlongo wako ndamuuza kuti ndi matenda a kumtundu kwathu, kuti azakhali anga anafa nawo omwewa. Ndilibe azakhali otero, koma iye sakudziwa. Wadilopu ndasiya, ndamuuza kuti miyendo sikundilolanso kuima.

Tsono imva. Usamuuze. Unanena zoona, ndavomera, mawu ako akoma atagonera, koma usakatenge chikho. Iye ndi munthu wa manja, zonse zimene amakonda amazionetsa ndi manja. Ukamuuza kuti manja akewo ndi amene achita izi, ndiye kuti maliro akhala awiri. Ndipo ine sanandikankhiremo. Kalata yako ndinaimva yonse, ndinalowa ndi miyendo yanga. Ndagwira anthu dzanja zaka zinayi, ndanyamula mdzukulu wanga osamuona akunyansidwa. Walira mvula walira matope.

Undilonjeze. Sindikupempha nsalu ulendo uno, ndikupempha chimenechi.

Mayi ako

20 Novembala 2000

Chemwali wanga,

Moni. Ndikhulupirira unayenda bwino pobwerera. Zikomo kuti unabwera msanga n'kuwapeza amayi akadali kuyankhula, ndipo zikomo chifukwa cha diresi loyera lija unawasokera. Anagona mokongola.

Pamaliro sunandiyankhule kwenikweni. Ndinkakuona ukundiyang'ana, ukutsegula pakamwa, kenako n'kutembenuka. Ngati ndi mawu anga aja a kale, akuti unatopa nawo, ndinalakwitsa. Tatsala awiri, tisakhale ngati anthu ongokumana pabasi.

Nyumba yakula. M'mawa ndimapezeka ndaima pakhomo la chipinda chawo ndi chikwama cha zida m'manja, kudikira. Chimene chimanditonthoza n'chimodzi. Matenda a kumtundu munthu sungawaletse, koma zaka zawo zomaliza anakhala ndi khungu labwino, ndipo chimenecho ndinawapatsa ndine. Ndikapanda kuganiza zimenezo sindingadzuke.

Tsono nkhani ina. Magazi sanama. Kadona watengera agogo ake. Mamba atuluka m'zigongono ndi kuseri kwa makutu, anzake kusukulu ayamba kumutcha mayina. Amalira pobwera. Ine sindidikira kuti mwana wanga asunthiridwe pabenchi. Ndapukuta wadilopu ija, ndamuikira kampando kuti afikire switchi, magalasi ndawamangira lamba wamng'ono. Walowa kale masiku angapo. Amayi ake akuchita mwano, akuti tipite kuchipatala, koma ukudziwa mmene alili. Kadona yekha akukondwa, akuti m'katimo mukununkhira agogo.

Ndinati sindidzakupemphanso, koma ndameza mawu. Machubu akutha mphamvu. Ukawaona kumeneko undigulire, chifukwa cha mwana.

Mlongo wako

27 Novembala 2000

Achimwene,

Moni ndikupatsani pambuyo. Mutulutseni Kadona. Lero lomwe, musanamalize kuwerenga. Zulani waya kukhoma.

Amayi analibe azakhali amene anafa ndi khansa. Afunseni amalume, akuuzani. Dokotala amene anawadula ananena kuti khungu lawo linalandira kuwala kochuluka zedi, ndipo anawafunsa ngati analowa m'makina kwina. Amayi anakana. Anandilembera ndi dzanja lawo, n'kundilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Pamaliro paja chimene chinkanditsamwa n'chimenechi, osati mawu anu akale. Ndinalonjeza munthu ali pafupi kufa, ndipo ndikanasunga mpaka manda anga. Koma amayi sanadziwe kuti mudzaikamo kampando.

Sindikuti munawapha. Chipatala chinayamba, wadilopu n'kupitiriza, ndipo palibe angaloze kuti tsiku lake linali liti. Iwo analowa akudziwa, ndipo anandiuza kuti zaka zimenezo sakanazisinthanitsa ndi china chilichonse. Anakukondani mpaka kunamiza dokotala. Koma Kadona ndi mwana, sakudziwa kanthu, ndipo khungu lake lili ndi moyo wonse woti lisunge zimene mukulipatsa.

Mupite naye kuchipatala chachikulu. Ngati pakufunika kuwala, akamupatse iwo, moyeza, akumuyang'ana. Mukawauze zonse, ndi masiku amene walowa kale.

Mudane nane ngati mukufuna, ndipirira. Ndikulemba ndikulira, achimwene, ndipo sindikudziwa ngati amayi andikhululukira.

Moni kwa alamu.

Mlongo wanu

15 Januwale 2001

Alamu,

Moni. Pepani kuti ndachedwa kuyankha makalata anu, ndimasowa poyambira. Inu muli bwanji?

Ndiyambe ndi chabwino. Kadona sakulowanso. Ndinapita naye kuchipatala, ndinawauza zonse osabisa. Anamuyang'ana thupi lonse, anati palibe choopsa chimene achiona, anatipatsa mankhwala odzola ndi tsiku lobwereranso. Mamba akuchepa pang'onopang'ono. Mwapulumutsa mwana wanga, ndipo ndidzakuthokozani mpaka kufa.

Kalata yanu achimwene anu anaiwerenga ali chilili pakhonde. Sanakalipe. Anaipinda, anapita kwa amalume, anabwerako madzulo osadya. Anangomuuza Kadona kuti, "Iwe usadzayandikirenso chipinda cha agogo." Ndinayembekeza kuti mawa lake atenga hamala. Ndinachita kuwaikira pa tebulo.

Sanaphwasule, alamu. Anachotsa kampando kokha. M'mawa mwake ndinamva chitseko cha wadilopu chikutsekeka, ndinathamanga ndikuyesa kuti ndi mwana. Malaya awo anali pabedi la amayi, atapindidwa bwinobwino.

Amene akulowa ndi achimwene anu. Munthu wopanda bamba ngakhale limodzi. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndipo amakhalitsa kuposa mmene amayi ankachitira. Nditawafunsa anati, "Chemwali wanga akuti chimapha. Ine chinthu ndikachipanga ndimachiyesa ndekha. Ngati akunama, tiona. Ngati akunena zoona, tionanso." Ndinati nanga ine ndi mwana? Anangonyamula chikwama cha zida n'kupita kuntchito.

Ndinabisa machubu, anagula ena. Ndinadula waya, munthu wake ndi wamagetsi. Amalume anabwera, a mpingo anabwera, onse amawalandira bwino, amavomera zonse, m'mawa n'kulowanso. Pamsana ponse pasupuka ngati munthu wothiridwa madzi otentha, malaya amamatirira. Sadandaula. Ndikawadzola mafuta amati ndisiye.

Dzina lanu salitchula moipa. Dzulo Kadona anafunsa kuti azakhali abwera liti, iwo anati, "Azakhali ako ndi okhawo m'banja muno amene sanandinamize."

Ndiye bwerani. Pemphani tchuthi, akakana siyani ntchitoyo, ine ndidzakusungani. Inu mwina angakumvereni, ine ndalephera. Musayambe mwalemba kalata, ingokwerani basi. Ndikumaliza apa chifukwa atuluka kumene, ndipo sakuona bwino pokhala. Lero analowa opanda magalasi.

Mlamu wanu